Mapazi a Chilombo Nambala 7

Justus Kadzamira anali ndi chinsinsi chimodzi chokha. Chimodzi, koma chachikulire. Chinabadwa ukwati wake usanabadwe.

Ali ndi zaka khumi ndi zitatu, kwawo ku Dedza, amalume ake anamutengera kudambwe. Anameta. Anavina gule zaka zinayi, ndipo akuluakulu ankati mwana uyu mapazi ake amacheza ndi ng'oma. Kenaka sukulu inamutengera ku Lilongwe. Lilongwe inamulowetsa m'tchalitchi. M'tchalitchimo munali Dorica, mukwaya, mzere wachiwiri.

Dorica anali mwana wa abusa a Sinodi ya Nkhoma. Tsiku limene Justus anakaonekera kwawo, abusawo anamuyang'ana modutsa pamwamba pa magalasi.

"Mwati kwanu ndi ku Dedza?"

"Eya, abusa."

"Kumene kuja gule ndi wambiri. Inu munalowako?"

Dorica anali ataima pakhomo ndi thireyi ya tiyi. Justus anayang'ana thireyiyo. Anayang'ananso mwini thireyi.

"Ayi, abusa. Ine ndinkangomva ng'oma zili kutali."

Bodza limenelo linakwera naye ndege. Linagona naye m'kachipinda kamodzi ku Highfields, mumzinda wa Leicester, linasamuka naye atapeza nyumba ku Wigston. Zaka makumi awiri ndi chimodzi. Abusa anamwalira akulikhulupirira. Mwana wa Justus ndi Dorica, Tayamika, anakula mpaka kupita ku yunivesite ku Nottingham osalidziwa. Ndipo Dorica, amayi a Chigwirizano akabwera kudzacheza, ankakonda kunena kuti, "Anga ndi a ku Dedza, koma osameta. Mulungu anandisungira." Justus akamva choncho ankakumbukira kuti zinyalala sanatulutse.

Sankaopa mpingo kwenikweni. Mpingo wa kuno umakumana muholo yobwereka, ndipo theka la akulu ake amakhala ali ku shift. Ankaopa nkhope ya Dorica, tsiku limene adzadziwe kuti ananamiza bambo ake iye ali pomwepo ndi thireyi m'manja.

Ntchito ya Justus inali yosamalira okalamba, panyumba ina ku Wigston komweko. M'chipinda chakumapeto munkakhala a Alois, a zaka 88. Anabadwira kumapiri a ku Austria. Anabwera ku Leicester ali mnyamata kudzakonza makina m'mafakitale a sokosi, anakwatira konkuno, nakhazikika m'kamudzi kotchedwa Brantcote. Koma kwawo sanakuiwale. Chaka chilichonse, Loweruka loyamba la Disembala, m'nyengo ya Adiventi yodikira Khirisimasi, ankaitanitsa amuna a kumudzi kwawo kuti abwere ndi zilombo zawo zidzayende mumsewu. Azungu a ku Brantcote anazolowera. Anaikanso kamsika ka Khirisimasi pambali.

Tsiku lina Justus akufuna bulangeti pamwamba pa wadirobu, anagwetsa chivundikiro cha katoni. M'katonimo munali nkhope. Yosema pamtengo, yakuda bii. Nyanga zinayi za mbuzi, mano ngati a nguluwe, lilime lofiira lofika pachibwano.

Wina akanakuwa. Shabana, nesi wamkulu wa panyumbapo, ankati tsiku limene anaiona koyamba anataya thireyi yonse ya mankhwala. Justus sanakuwe. Anatsitsa maso. Anainyamula ndi manja awiri, chamkati, nkhope kuyang'ana kukhoma. Atamva mapazi a Shabana panja pa chitseko, anaifunditsa thaulo msangamsanga.

A Alois ankaona zonsezo ali pabedi. Anadikira kuti Shabana adutse.

"Iwe unavalapo chigoba," anatero m'Chingelezi chawo cholemera lilime.

"Ayi, Mr Alois."

"Wosavalapo amagwira nyanga. Iwe wagwira mkati. Ndiponso wachibisa kwa mkazi."

Justus anapukuta fumbi pamene panalibe fumbi.

"Kalekale," anatero. "Dziko lina."

Aka kanali koyamba kuvomera pamaso pa munthu chikwatirireni.

A Alois anamufotokozera. Chilombocho kwawo amachitcha Krampus. Chimayenda pambuyo pa Nikolasi Woyera. Iye amagawira ana abwino malalanje ndi mtedza, icho chimaopseza osamva. Chigoba ichi anasema ndi bambo awo.

"Zaka zisanu ndi chimodzi chili m'katoni. Mawondo anga anatha. Mwana wanga ali ku Australia, ndipo amaopa ndi nkhuku yomwe. Chigoba chosayenda chimasanduka nkhuni. Chaka chino uchiyendetse ndiwe."

Justus anakana Lolemba. Anakana Lachiwiri. Lachitatu a Alois anakana phala. Lachinayi anakana mankhwala, natembenukira kukhoma.

"Sindikudziwa mwayambana chiyani ndi mkuluyu," Shabana anauza Justus, "koma ukonze lero."

Komanso tinene zoona. Chitsegukireni katoni ija, mapazi a Justus ankamuyabwa m'nsapato. Lachinayi lomwelo anavomera.

Kunyumba anayang'ana kalendala ya pafiriji. Pa Loweruka limenelo Dorica anali atalemba kale: Amayi, Birmingham, msika wa Khirisimasi. Birmingham ndi kutali ndi Brantcote. Justus analemba pansi pake: Long day. Silinali bodza lenileni, pakuti Shabana anamuikadi pa rota ya ntchito kuti aperekeze a Alois. Linali bodza lovala yunifomu.

Dambwe la azungu linali holo ya mudzi. Munali hita, chiketulo cha tiyi, ndi mabisiketi pambale. Chitseko chinali pululu. Ana ankasuzumira. Justus anaima kaye pakhomo, kudikira kuti wina amufunse mawu achinsinsi. Anamufunsa ngati amathira shuga.

Kenaka kunabwera mayi. Mayi weniweni, m'dambwe, atavala jekete yachikasu yonyezimira, pepala m'manja. Dzina lake Sam, wa komiti ya mudzi. Anaimika zilombo zonse pamzere n'kuyamba kuziwerengera malamulo. Osamenya munthu. Osalumpha mpanda wachitsulo. Osathamangitsa mwana. Womva chizungulire akweze dzanja. Atatha anamata nambala palamba wa aliyense, kuti wodandaula adziwe chodandaulira. Justus anapatsidwa 7.

Chilombo cha nambala ngati minibasi, anaganiza. Chatsala ndi kondakitala.

Ochokera ku Austria analipo khumi ndi mmodzi, zimphona zofiira makosi. Mkulu wawo, wandevu, ndiye anaveka Justus. Poyamba zikopa za mbuzi, kuchokera m'khosi mpaka m'mapazi. Fungo lake linali la khola lonse ndi mbiri yake yomwe. Kenaka lamba wa mabelu atatu kumsana, lililonse ngati poto wophikira pamaliro. Jombo zakale za a Alois, zazikulu pang'ono. Magolovesi aubweya. Pomaliza chigoba.

Mkati munali mdima ndi fungo la mtengo wakale. Mtima wa Justus unagunda kamodzi, mwamphamvu, ngati wakumana ndi mbale pa depoti. Anakadziyang'ana pagalasi la kuchimbudzi. Panalibe khungu looneka ngakhale pang'ono. Mayi ake omubala sakanamudziwa.

Wandevu anamuphunzitsa ntchito. Ponda mwamphamvu. Dumpha kuti mabelu alire. Bangula. Gwedeza katsache ka timitengo aka.

"Basi?" Justus anafunsa.

"Basi."

"Nyimbo?"

"Palibe."

Uku si kuvina, anaganiza. Ndi kuyenda utakwiya. Mtima unakhala m'malo. Kuyenda utakwiya aliyense amatha.

Anatuluka 4 koloko, kamdima ka Disembala katayamba kale. Kutsogolo kunali Nikolasi Woyera, atavala ngati bishopu, ndevu za thonje, ndodo yopindika m'manja. Pambuyo pake ngolo, ndipo pangolopo bambo wina akumenya mgolo wachitsulo. Kenaka zilombo khumi ndi ziwiri, mabelu ali ngwe ngwe ngwe, miuni ikufuka utsi wofiira. Bishopu patsogolo, zilombo pambuyo, msewu umodzi, palibe wodula mnzake mumpingo. Justus anaganiza za malemu apongozi ake, naseka m'chigoba. Kusekako kunatuluka ngati kubangula. Mwana wina analira. Wandevu anamukwezera chala chachikulu.

Ankaonera pakamwa pa chigoba, pakati pa mano. Dziko lonse linali kamzere: zipewa, mafoni, makapu ofuka nthunzi, agalu ovala majuzi. Anaponda. Anadumpha. Anagwedeza katsache pamaso pa gogo wina, gogoyo anati, "Thank you, dear." Zinthu zinkayenda bwino.

Atakhota pakona ya tchalitchi, anamva mawu amene sanayenera kumveka ku Brantcote.

"Mayo ine! Amayi, taonani icho!"

Chichewa. Chonona, cha ku Mchinji.

Anatembenuza mutu wonse, pakuti m'chigoba sungabe ndi diso. Kuseri kwa mpanda kunali amayi asanu ndi mmodzi, makhoti aatali, zitenje pamwamba pa makhoti. Kutsogolo kunali Mayi Maclean, a galimoto ya anthu seveni, omwe nkhani ikawafika m'mawa masana imakhala ili ku Lilongwe. Pambali pawo panali chipewa chofiira. Chipewa chimenecho chinali cha Dorica, Justus anagula yekha, pa sale ya Januwale.

"Bola kuno," Mayi Maclean ankauza anzawo. "Ku Birmingham ndikanaimika pati galimoto? Ine ma roundabout a kumene kuja ayi. Uku ndangoona pa Facebook, mphindi twente tafika."

Thukuta la Justus linazizira m'zikopa. Anaganiza zokweza dzanja kuti wamva chizungulire. Koma wa chizungulire amamuvula chigoba. Njira inali imodzi: kukhala Muaustria. Anaponda ngati wina wamubera malo oimika galimoto.

Amayi anayamba kuweruza.

"Ndiye gule wa azungu ameneyu?"

"Gule wanji wopanda fumbi?"

"Zangonenepa basi. Taonani cha nambala sevenicho, chikuyenda ngati chavala nsapato za eni."

"Kwathu izi akhoza kuzibweza kudambwe zikayambirenso," anatero Mayi Maclean. "Si choncho, Mayi Kadzamira? Inu amuna anu ndi a ku Dedza."

"Ine zimenezo sindizidziwa," Dorica anayankha. "Ndi bambo a Taya omwe sazidziwa."

Nambala 7 anabangula, mwaulemu, napitirira.

Ulendo unathera pabwalo la pakati pa mudzi, lothiridwa timiyala. Anthu anazungulira. A Alois anali kutsogolo pa wilitcheya, mabulangeti awiri m'miyendo, Shabana ali pambuyo pawo. Mwambo wake unali woti chilombo chilichonse chilowe pakati chokha, chidumphe, chibangule pamaso pa mkuluyo, chituluke. Amayi aja anatsatira, ndipo monga amachitira amayi a kwathu kulikonse, anapezeka ali pamalo abwino kuposa eni mudzi.

Nambala 1 analowa. Anadumpha, anabangula, anatuluka. Nambala 2 chimodzimodzi. Pofika nambala 6, Mayi Maclean anali atatopa.

"Amayi, tiyeni tizithandize. Zikumvetsa chisoni."

Anavula magolovesi, naika foni m'thumba, nayamba kuwomba m'manja. Osati kuwomba kwa azungu kothokoza. Kuwomba kwa pabwalo, kumene ena amamenya, ena n'kuyankha m'mipata. Anzawo anagwirizira, akuseka. Dorica nayenso anagwirizira. Mwana wa abusa nayenso anakulira m'Malawi, ndipo makutu alibe mpingo.

"Nambala 7!" Sam anaitana pa maikolofoni.

Justus analowa. Anali atapangana ndi thupi lake: kudumpha katatu, kubangula kamodzi, kutuluka. Kudumpha koyamba kunali kwa ku Austria. Kwachiwiri kwa ku Austria. Potera kachitatu, phazi lamanzere linagwera mumpata wa pakati pa manja a amayi. Linagwera bwino. Lamanja linafuna kuyankha.

Mutu unati ayi. Mawondo anati tili ndi zaka makumi asanu. Mapazi sanafunse aliyense.

Anapalasa. Timiyala tinauluka, masamba onyowa anauluka. Anatsika chiuno, anathamanga chammbali, anaima mwadzidzidzi mwendo uli m'mwamba, anaubweza pansi pa nthawi yake yeniyeni. Mabelu aja, amene tsiku lonse ankangosokosa, anapeza choyankhula. Bambo wa mgolo anasiya kumenya, anamvetsera, kenaka anayamba kutsatira mapazi, monga amachitira wa ng'oma yaikulu kwathu, osadziwa n'komwe kuti ndi zimene akuchita. Justus anazungulira bwalo chafutambuyo. Anapalasanso. Nyanga zinayi zinaweramira pansi n'kudzuka. Katsache kaja anakaponya m'mwamba, kanakagwera kwa bishopu.

Azungu anakuwa. A Alois ankamenya chogwirira cha wilitcheya ndi chibakera, bulangeti limodzi lili pansi. Nthungululu ya Mayi Maclean inadutsa padenga la tchalitchi.

"Ameneyu si mzungu! Amayi, ameneyu ndi wometa! Wometa weniweni! Wachokera kuti?"

Justus anaima. Mpweya unatha. Ndipo osaganiza, anachita zimene amachita akakwera masitepe a kunyumba ndi matumba a kushopu. Anaika dzanja lamanja pachiuno, napendekera kumanzere, naweramitsa mutu.

Pakati pa mano a chigoba anaona manja khumi akuwombabe. Awiri anali ataima. Dorica sankayang'ana nyanga. Ankayang'ana dzanja lili pachiunolo.

Justus analichotsa msanga. Koma madzi akatayika saoleka.

Zilombo zisanu zotsala zinalowa n'kutuluka, palibe anaziwerengera. Kenaka Sam anagwiranso maikolofoni.

"Tsopano, ana inu, zilombo zathu zivula zigoba, muone kuti ndi anthu ngati ife tomwe!"

Justus sanadziwe za zimenezi. Mwina zinali papepala lija. Iye nthawi imeneyo anali akudabwabe ndi mabisiketi. Kuvula. Pabwalo. Pamaso pa akazi ndi ana. Amalume ake akanamva, akanadzuka kumanda n'kudzafanso.

Nambala 1 anavula. Nkhope yofiira, tsitsi lonyowa, kuwerama, m'manja. Nambala 2 anavula. Justus anayang'ana kumbuyo: mpanda wachitsulo, ndipo lamulo linati osalumpha. Anayang'ana kutsogolo: Mayi Maclean anali atatulutsanso foni, akukokera chithunzi pafupi ndi zala ziwiri.

"Ndimuone ameneyu. Lero lomwe akhala pa group. Wa ku Derby? Wa ku Nottingham? Kapena ndi wathu wa mumpingo momwemu?"

Nambala 4. Nambala 5.

"Mayi Maclean, tsitsani foni."

Anali Dorica. Mawu ake anali aja a unesi wake kuwodi, amene madokotala achinyamata akawamva amakasambanso m'manja.

"Chifukwa?"

"Tsitsani. Amayi nonse, tembenukani."

"Aa, Mayi Kadzamira, pamene pafika pokoma?"

"Inu a ku Mchinji mukufunsa ine? Chiyambire liti mkazi kuonerera chilombo chikuvula?"

"Koma izi ndi za azungu."

"Mwanena nokha kuti chinacho si mzungu. Mwachiwombera m'manja, chavina. Ndiye mukufuna muchivulenso? Amayi anu anakulerani choncho?"

 Mayi Maclean anatsitsa foni pang'onopang'ono.

"Ndipotu inu mwana wa abusa," anang'ung'udza.

"Ndiye ndikukuuzani. Tiyeni kumsika, tikagule zimene tabwerera. Makandulo atha."

Amayi asanu ndi mmodzi anatembenuka pamodzi, zitenje zili pamwamba pa makhoti, nadutsa pakati pa azungu. Dorica anali pambuyo ngati mbusa wa ng'ombe. Sanacheuke.

"Nambala 7," Sam anawerenga papepala. "Chigoba cha bambo wathu Alois!"

Bwalo lonse linawombera m'manja mkulu wa pa wilitcheya. Justus anagwada patsogolo pawo, msana kuloza kumsika, nakweza chigoba. Mphepo yozizira inamumenya kumaso ngati madzi a pachitsime.

A Alois anagwira nyanga imodzi, naisisita. Maso awo anali onyowa.

"Kwathu sitichita choncho," anatero.

"Pepani, Mr Alois."

"Wachiphunzitsa makhalidwe oipa. Tsopano m'katoni sichikhalanso." Anatsokomola. "Uuze Shabana ndikufuna soseji. Ziwiri."

Justus anafika ku Wigston cha m'ma 7 koloko. Anali atasamba kuntchito kawiri, ndi sopo wa okalamba. Anaima pakhomo ndi kiyi m'manja nthawi yaitali kuposa imene kiyi amafuna.

Dorica anali pabalaza, akusita bulauzi yoyera ya Chigwirizano. Patebulo panali makandulo atatu atsopano. Sanadzutse mutu.

"Mwaswera bwanji ku shift, bambo a Taya?"

"Bwino. Yotopetsa."

"Ma resident anu ayamba kuweta mbuzi?"

Justus anavula jekete, naipachika, naikonzanso kuti ikhale bwino.

"Ife ku Birmingham sitinafike," Dorica anapitiriza. "Tinakathera kukamudzi kena. Tinaona zilombo."

"Oo?"

"Khumi ndi ziwiri. Khumi ndi chimodzi za ku Austria."

Simbi inapuma nthunzi. Justus anakhala pamphepete pa sofa.

"Chinacho?"

"Kaya. Ife akazi sitidziwa kochokera zilombo. Amati amazivuula padziwe."

"Dorica, ndimati ndikuuzeni. Chija chinali..."

Dorica anakweza dzanja, simbi ili m'dzanja linalo.

"Ayi. Zimenezo sauza mkazi. Ndi ine ndemwe ndikudziwa." Anatembenuza bulauzi. "Koma inu mumayenda. Mwina mudzakumana nacho. Mudzachipatsire mawu anga."

"Ndidzachiuze chiyani?"

"Mudzachiuze kuti kuvinako sikunandipweteke. Chinavina bwino. Chandipweteka n'chakuti zaka zonsezi ndakhala ndikudzitama pamaso pa amayi ndi chinthu chabodza, icho chili phee kukhitchini, chikumva. Chimandisiya ndiziyankhula ngati chitsiru."

Justus anayang'ana kapeti.

"Chikanati chinene zoona tsiku lija," anatero motsitsa, "abusa akanachipatsa tiyi?"

"Akanachithamangitsa ndi njinga yomwe."

"Ndiye mukuona."

"Sindikuona. Bambo akanachithamangitsa, inde. Nanga ine? Mwina ndikanachitsatira. Mwina ayi. Sichinandifunse. Chinandisankhira chokha."

Panja basi inadutsa. Justus anapukuta manja pamawondo.

"Chikuti chapepesa."

"Mwakumana nacho kale?"

"Chili pafupi."

"Chiuzeni ndamva. Kukhululuka ndikhululuka, koma osati lero. Lero chigone pa sofa pomwepo mpaka fungo lithe." Anazimitsa simbi, napachika bulauzi pachitseko. Anaima, manja m'chiuno. "Funso limodzi lokha. Pa ukwati wathu munkavina ngati mwaponda minga. Pa phwando lililonse anthu amandimvera chisoni. Pa Independence ya ku Nottingham ana anakujambulani n'kumaseka. Kunali kunamizira?"

"Kunali kudzigwira."

"Zaka twente-wani ndikuchita manyazi ndi miyendo yanu. Pamene muli nayo miyendo." Anapukusa mutu. Pakona ya mlomo wake panagwedezeka, koma anapagwira. "Taimani."

Justus anaima. Bondo lamanzere linalira. Anagwira khoma.

"Ndimadziwa," Dorica anatero. "Mayi Maclean anena m'galimoto kuti mawa akhala pakhomo la tchalitchi kuyambira 9 koloko. Akuti munthu wa msinkhu wathu sangapalase choncho n'kudzuka bwinobwino. Ayang'ana miyendo ya amuna onse a ku Dedza."

"Tilipo angati?"

"Atatu. Wina ali pa night, wina ndi wa ndodo kale."



"Ndikhoza kudwala chimfine."

"Ndiye mwavomera mlandu. Mupita, ndipo mulowa mowongoka. Yendani, ndione. Kuchokera apa mpaka kukhitchini."

Anayenda. Dorica anapinda manja, mutu pambali, ngati akuyesa wodwala asanamutulutse m'chipatala.

"Dzanja lichoke pachiuno."

Linachoka.

"Bwererani. Mukukokabe wamanzere."